Ulusi Wosapaka Phula

Atelala sanaonepo nyanja yamchere. Madzi aakulu amene ankawadziwa ndi a m'beseni lochapira, anatero alamu awo tsiku lina, ndipo kuyambira pamenepo msewu wonse unkawatcha Akapiteni. Iwo sankakwiya. Atasiya makina osokera, patatha zaka makumi atatu ndi zinayi, anaika tebulo pazenera la kachipinda kakumbuyo nayamba kupanga tizombo tamatanga, tonga ta m'zithunzi zakale.

Anamaliza titatu, tating'ono ngati nsapato. Chachinayi chinali chachitali ngati mkono, cha milongoti itatu, ndipo chinawadyera zaka zisanu ndi chimodzi.

Akazi awo ntchitoyo sanaigwirepo, koma posesa utuchi tsiku ndi tsiku anaidziwa. Zingwe amayamba kumanga zam'kati, zakunja pomalizira, chifukwa zakunja zikatchinga chala sichilowanso. Ulusi uliwonse amaukoka katatu pa phula la njuchi, n'kuupachika pamsomali masiku awiri, kabawuti kali kunsonga, kuti uwongoke. Atafunsa chifukwa chake, amuna awo anati ulusi wosapaka umamwa chinyezi, nawonjezera mwambi wawo wa masiku onse, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako dzanja lamanja la Atelala linayamba kunjenjemera. Poyamba linkangotayira tiyi m'sosa. Adokotala sanabise: mankhwala angochedwetsa, ndipo pakatha chaka mabatani a malaya azidzamangidwa ndi wina. Pobwerera kunyumba Atelala sanatchule dzanjalo. Anangonena kuti kwatsala zingwe zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo afuna azimange ndi manja awo.

Miyezi yonse yotentha ankakhala patebulo m'mawa, dzanja lisanatope. Tsiku lina mayiwo anapeza phula litachita fumbi, msomali uli wokhawokha.

"Phulali mwaliiwala, abambo?"

"Sindinaliiwale, amayi. Masiku awiri pa ulusi uliwonse ndiwatenga kuti?"

 Mayiwo anaonanso kuti poopa kuti mfundo zingapulumuke m'zala, amuna awo ankakunga chingwe chilichonse mpaka kulira ngati cha gitala. Ku tchalitchi ankapempherera dzanjalo. Pambuyo pake, mwamanyazi, anayamba kutchulanso chombocho, ngakhale sankadziwa ngati zoterozo n'zopita nazo kwa Mulungu.

Zingwe zinatha mvula isanagwe. Kunangotsala matanga. Alamu aja anabwera, nazungulira tebulo manja ali kumbuyo.

"Akapiteni, tinyamuka liti? Ine chikwama ndalongedza kale."

Atelala anaseka mpaka kutsokomola, nati anthu olemera ngati iwowo amakwera pomalizira, kuopa kumiza anzawo. Mayiwo anali asanamve kuseka kotero chibwerere kwa adokotala.

Mvula inagwa masiku anayi osakata. M'mawa wa tsiku lachisanu, mayiwo akusesa m'kachipindamo, anamva kakuthyoka kakang'ono ngati ka mtengo wa machesi. Ulusi unali utamwa chinyezi n'kufupika. Mlongoti wapakati unathyokera m'munsi, pansi pa zingwe zonse, n'kupendekera kumbuyo.

Atelala anayang'ana nthawi yaitali. Anatenga kambaniro kawo kuti afike pothyokapo, koma kanangogogoda m'mbali mwa chombo n'kuthyolanso kamtanda kena. Anakaika pansi. Onse awiri ankadziwa kuti njira yofikira pothyokapo n'kudula zingwe zakunja zonse.

"Ndiuzeni pogwira," anatero mayiwo. "Ine ndimanga."

Amene anadula ndi mayiwo, ndi sizasi yakale yosokera, amuna awo akuloza. Ntchito ya miyezi isanu inagwera patebulo tsiku limodzi ngati tsitsi la kometa. Mlongoti anaumata. Ulusi watsopano anaupaka phula katatu, naupachika masiku awiri. Koma zala za mayiwo zinakulira kuchapa ndi kukanda ufa, ndipo kabowo kolowetsa ulusi sankakaona ngakhale ndi magalasi. Chingwe chimodzi chinawatengera masiku atatu. Chinatuluka chokhota, mfundo yake yaikulu ngati nyemba.

Atelala anachiyang'ana, nati chili bwino.

Apo ndi pamene mtima wa mayiwo unasweka. Pa zaka zonse za ukwati wawo, munthu ameneyu anali asanayamikepo msoko wokhota, ngakhale wa mwana wake yemwe. Ankaupasula, mwini wake akuona.

"Ndichimasule ndiyambirenso?"

"Ayi, amayi. Ingophimbani chombocho, chingachite fumbi."

Anachiphimba ndi nsalu yakale ya patebulo. Chili pomwepo mpaka lero, nsonga zitatu zikutukula nsaluyo. Alamu aja akabwera amapereka moni kwa Atelala, dzina lija analisiya. M'mawa uliwonse mayiwo amamanga mabatani a malaya a amuna awo, kuyambira lam'munsi, ndipo Atelala amayang'ana kuzenera mpaka atamaliza.