Mayi Khotani ndi Keyala Yosakwana pa Fomu

M'dera limene lija nyumba zili ndi manambala ndithu, koma amene amawadziwa ndi omwe anawalemba okha. Munthu ukasochera suyang'ana pakhoma, umafunsa, ndipo wofunsidwayo akakanda mutu amakutumiza kwa Mayi Khotani. Dzinali si la makolo ayi. Linabwera chifukwa mayiwa satha mphindi ziwiri osanena kuti "mukafika apo khotani", dzanja likukhota limodzi ndi mawu, ngakhale akulankhula pa foni.

Anabadwira m'nyumba yomwe akukhalamo mpaka lero, ya khonde lalitali ndi mpando umodzi wachitsulo. Pampandopo pamakhala bambo awo, amene kwa zaka makumi atatu anayenda misewu yonse ya m'deralo akuwerenga mamita a madzi, mpaka mawondo anati basi takwana. Palibe geti limene mdalayu sanagogodepo, ndipo agalu amene anamuluma amawakumbukira mayina. Mwana wake anatengera mutu womwewo. Awiriwa akakhala pakhonde nkhani yawo ndi imodzi, kutsutsana kuti m'nyumba yakutiyakuti anayamba kukhalamo ndani.

Tsono kudziwa misewu palibe amene ankakuwerengera ngati ntchito. Kwa zaka khumi ndi ziwiri Mayi Khotani ankagwira kophikira buledi pakona ya msewu wawo. Mwini wake atatseka n'kusamuka, iwo anatha miyezi isanu ndi itatu akukwera basi kupita m'tauni, maenvulopu a khaki ali kukhwapa. Kulikonse ankawalandira bwino, kuwapatsa mpando, kenako n'kuwauza kuti "tikuyimbirani". Foni inkalira ndithu, koma oyimbawo anali anthu osochera.

Achimwene awo aakulu, amene amakhala mumzinda wakutali, anaigamula nkhaniyo pa foni. "Achemwali, mwezi uno ukatha mubwere kuno mudzathandize alamu anu mu saluni. Bambo apite kwa mng'ono wanu, kuli chipinda chongokhala." Mdala uja atamva anati, "Mukamandinyamula munyamule ndi khonde lomwe." Onse anaseka, koma tsiku limenelo tiyi wake anazizirira m'kapu. Mayi Khotani anaziona, ndipo zinawapweteka mtima.

Kutatsala sabata ndi theka kuti mwezi uthe, akuchokera kogula sopo, anaona pepala pachitseko cha shopu yatsopano yotumiza katundu, misewu itatu yokha kuchokera kwawo, momwe kale munali wometa tsitsi. Pankafunika munthu wapakauntala, wodziwa kompyuta. Iwo kompyuta ankaidziwa monga momwe munthu amadziwira neba wongobwera kumene, kuonana patali koma osalonjerana. Komabe anasita diresi, kupukuta nsapato, m'mawa mwake n'kupita wapansi.

M'shopumo munali makatoni mpaka kudenga, sikelo pakona, fani yopukusa mutu ndi mapu aakulu a deralo pakhoma. Mwini shopu anali mayi wachitsikana wa magalasi, mlendo m'deralo, wolankhula mofulumira. Anawapatsa fomu. Polemba keyala panali kamzere kamodzi kokha. Ndani anafikapo pakhomo pa munthu ndi kamzere kamodzi? Mayi Khotani anadzaza kamzereko, kutsikira m'mbali, kutembenuza pepala, n'kumalizira kuseri. Mwini shopu anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Mayi, apa timangofuna nambala ya nyumba."

"Nambala ilipo, abwana, koma sinafikitsepo munthu kwathu."

Pa kompyuta ndiye panavuta zedi. Anatulutsa chala chimodzi n'kumasaka chilembo chilichonse, thukuta kamukamu. Pamene ankamaliza kulemba dzina lawo, mwini shopu anali atayang'ana wotchi kawiri. Mayi Khotani anadziwa kuti apa zakanika, ndipo anayamba kufunafuna chikwama chawo pansi pa mpando.

Nthawi yomweyo foni ya pakauntala inalira. Anali mmodzi wa anyamata a njinga zamoto operekera katundu, bambo wa mawu aakulu moti aliyense m'shopumo ankamumva. Anali atazungulira ola lathunthu ndi keke ya phwando, dzuwa likuswa mtengo, mwini keke foni yake yozima. Pakatoni panalembedwa kuti "pa mtengo waukulu, geti lofiira".

"Abwana, kuno kulibe mtengo, kulibe geti lofiira, ndipo keke yayamba kupendekeka."

Mwini shopu anathamangira ku mapu, chala chikungoyendayenda. Mayi Khotani anayesa kudzigwira, poti anali mlendo, koma pakamwa panawayabwa.

"Pepani abwana, mtengowo unadulidwa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ukufuna kugwera mawaya a magetsi. Kungoti anthu sanauzidwe kuti asiye kuutchula. Geti nalo analipaka buluu chaka chimene mwana wawo wamkazi anakwatiwa. Tandipatsani foniyo."

Mwini shopu anapereka asanaganize n'komwe.

"Achimwene, pamene mwaimapo mukuona chiyani?"

"Ndikuona mbuzi."

"Mbuzi imayenda, achimwene. Ndiuzeni chinthu chosayenda."

"Pali galimoto yopanda matayala."

"Ehe, imeneyo ndiye siyenda, ili pompo zaka ndi zaka. Ipatseni msana. Mupitirire mageti awiri, pamene msewu watupa ngati chotupa ndiye pa mtengo waukulu, chitsa chili pansi pa phula. Pamenepo khotani kumanzere. Musagogode geti loyamba, kuli galu wopanda ulemu."

Dzanja linali likukhota m'malere, mpaka linagunda fani. Pasanathe mphindi zitatu anamva pa foni geti likutseguka ndi ana akukuwa kuti keke yafika. Mwini shopu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kompyuta, n'kunena mawu aja amene Mayi Khotani anali atawaloweza.

"Zikomo mayi, tikuyimbirani."

Sabata inatha foni ya kushopu osalira. Mayi Khotani anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadilopu n'kuyamba kupinda zovala. Anachapa majekete a bambo awo, kuwaika m'chikwama china, mankhwala a mawondo pamwamba. Mdala uja anangosiya kutsutsa. Mwana wake akamuputa dala kuti nyumba ya pakona anayamba kukhalamo ndi mphunzitsi, pamene onse ankadziwa kuti anali wosoka nsapato, iye ankangoti "mwina n'zoona". Mayi Khotani zimenezi zinawaliza kukhitchini kangapo konse.

Kutatsala masiku awiri kuti akwere basi, masana ndithu, njinga yamoto inaima pageti. Anatsikapo bambo wachilendo, wamtali, pepala lili m'manja akuliwerenga mokweza. Linali fomu ija, atalitembenuza kuseri.

"Kudutsa pa mpopi wouma, ndadutsa. Kukhota pa nyumba yosamaliza, ndakhota. Ndiye pomaliza akuti, mukaona mdala atakhala pakhonde, mwafika." Anakweza maso n'kuvula chipewa. "Bambo, ndafika kodi?"

"Mwafika," anatero mdala uja, akuwongola msana.

Mayi Khotani anatuluka thaulo lili paphewa. Bamboyo anawapatsa envulopu, n'kufotokoza kuti ntchito waiyamba dzulo lomwelo, deralo salidziwa ngakhale pang'ono, ndipo abwana amuletsa kufunsa munthu panjira kapena kuyimba foni. Amupatsa pepala lokhalo basi.

Kalatayo inali yaifupi. "Pakauntala ndalemba munthu wina, pepani. Koma ndakhala ndikuganiza za keke ija. Ngati kalatayi yakupezani, bwerani Lolemba, ntchito yolondolera anyamata a njinga ndi yanu."

Anaiwerenga kawiri, kenako anakhala pansi pakhonde pomwepo, diresi loyera ndi fumbi lomwe, n'kuseka mpaka misozi. Miyezi isanu ndi itatu yokwera mabasi, pamene ntchito inali misewu itatu kuchokera pakhomo.

"Ndiye zikwama zija?" anafunsa bambo awo motsitsa mawu.

"Tikumasula, bambo."

Mdala uja anatsokomola, kuyang'ana kumsewu, kenako anati, "Ndipotu nyumba ya pakona ija anali wosoka nsapato. Mphunzitsi anabwera pambuyo. Usamaname."

Achimwene a kumzinda atauzidwa anafunsa kawiri kuti ndi ntchito yanji imeneyo, yongouza anthu kuti akhote. Alamu awo ndiye anati bola, saluni ikanadzaza ndi nkhani za mageti.

Lero mukalowa m'shopu muja mudzawapeza pakatebulo pafupi ndi sikelo, mafoni awiri patsogolo pawo, fani ataisunthira kutali ndi dzanja lawo. Mapu aja adakalipo, koma adzaza ndi zolemba za bolopeni: mtengo umene kulibe, sitolo imene inapsa, sukulu imene tsopano ndi tchalitchi. Kompyuta mpaka pano salonjerana nayo. Pakabwera keyala yotchula chinthu chimene chinatha iwo asanabadwe, amayimbira kunyumba, ndipo mdala uja amayankha foni isanalire kachiwiri, n'kuyamba wawakalipira kaye kuti ana a masiku ano sadziwa kanthu.

Katundu akakhala wopita cha kumsewu wa kwawo, Mayi Khotani salongosola zambiri. Amangoti, "Mukaona mdala atakhala pakhonde, khotani kumanja." Tsiku lina wanjinga wina wochenjera anawabwezera mawu awo omwe, kuti munthu amayenda, amuuze chinthu chosayenda.

"Ameneyo ndi bambo anga," anayankha iwo. "Sapita kulikonse. Muwabayibitse podutsa."