Adula dzina la a Khoromana kuti chithunzi chikwane mu felemu

Adula chithunzi changa ndi sizasi, n'kuchimata m'pulasitiki ngati satifiketi ya Fomu 4. Ndikulemba ndili phee. Ngakhale mkwiyo sukubwera.

Ine ndimasunga zithunzi zodinda pamanja. Si za kamera, si fotokope. Mmisiri amasema thabwa, amalipaka inki, amakanikizapo pepala ndi supuni, kenako amasaina m'munsi ndi pensulo n'kulemba nambala. Ichi chinali cha malemu a Khoromana a ku Likhubula: mayi akuthyola tiyi, phiri la Chambe kumbuyo kwake. Adadinda zisanu ndi zitatu zokha. Ndidakhala pakhonde pawo mpaka dzuwa kupendeka ndikusankha, iwo akundiseka kuti ndikuchita ngati ndikufunsira mbeta. Thabwalo lidatha ndi chiswe.

Loweruka likubwerali tikukavundukula chiliza chawo. Akazi awo alibe chithunzi ngakhale chimodzi, zonse zidagulitsidwa nthawi ya matenda. Adandipempha kuti ndibwere ndi changa, anthu akaone dzanja la amuna awo.

Lolemba 9 koloko m'mawa ndinapita nacho ku shopu ina ya mafelemu pa Boma. Mayi wa pa kauntala ndinamuuza kawiri: galasi ndi felemu basi, pepala musalikhudze. Iye amvekere, "Musadandaule bambo, ntchito yathu ndi yomweyi."

Lachitatu ndinakatenga. Chikunyezimira. M'mbali moyera monse adula. Siginecha palibe, nambala palibe. Inki inasungunuka ndi kutentha kwa makina, nkhope ya mayi wothyola tiyi yafufuma ngati walumidwa ndi njuchi.

Mwini shopu akuti felemu ya saizi imeneyo inatha, ndiye anangochepetsako pang'ono. "Zoyerazo zinalibe ntchito, bambo. Za pensulo zija timayesa ana adalembalemba. Lamineti takuikirani ulere, kuno chinyezi n'chambiri."

Ulere. Ndiye ndiwombe m'manja? Nsapato ikachepa mumadula phazi? Foni yanga munali nayo, inakuvutani chiyani kuimba?

Ndinapempha zodula zija. Anasuzumira mu bini, anafunsana, akuti zinyalala amatentha madzulo aliwonse. Kenako mwini shopu, ndi nkhope yachifundo ndithu: "Tikupangireni fotokope ya kalala, mukufuna zingati?"

Sindinakalipe. Ndinalipira, sindikudziwa chifukwa chake. Kunyumba ndinachichotsa mu felemu n'kuyesa kukanganula pakona. Inki imatsatira pulasitiki. Ndinasiya.

Inu a ku Mulanje, ngati muli ndi pepala loti simungalipezenso, musalisiye pa kauntala. Imani pomwepo mpaka amalize. Ndipo inu a shopu, ndiuzeni choti ndikanene kumanda Loweruka.

Akazi a Khoromana aja anandiimbira dzulo. Amafunsa ngati dzina la amuna awo likuoneka bwino mu galasi, poti maso awo adachita mdima, akufuna akhale kutsogolo.

Ndinati netiweki ikuvuta, ndiimbanso. Sindinaimbebe.