Fosholo Yomaliza

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume anga, a Fulaye, amene ankakumba mchenga m'mbali mwa mtsinje kwa Kanduku. Ndinali nditangolemba mayeso a Folomu 4. Kapitawo wa ntchitoyo, a Jumbe, anangoyang'ana mapewa anga n'kundiponyera fosholo.

Gombe la mchengalo linali lalitali kuposa anthu awiri. Sitinkayambira pamwamba ayi. Tinkaboola kunsi ndi piki, n'kumatapa ndi fosholo kuthira mu wilibala, mpaka pamwamba patalendewera ngati khonde. Kenako linkagumuka lokha, ife n'kumangowola. A Jumbe ankaikonda njira imeneyi chifukwa lole inkadzaza msanga.

Vuto lake, gombe silinena tsiku. Nthawi zina ukatapa kamodzi pankatsetsereka timchenga tongodzaza chipewa. Nthawi zina fosholo yomweyo, dzanja lomwelo, pankagumuka mchenga wodzaza lole. Ndi maso sukanasiyanitsa.

Tsiku lina, kutagwa mvula kenako dzuwa n'kuswa mtengo, malume anati, "Bwana, pamwambapa pang'aluka. Tiyambe tagwetsa."

"Lole ikudikira. Lowani," anatero a Jumbe.

Tinalowa. Ndinangotapa kamodzi, gombe lonse n'kubwera. Ine linandikwirira mpaka m'chiuno, malume linawathyola mwendo pawiri. Anzathu anatifukula ndi manja.

Ndisanasanse n'komwe mchenga m'makutu, a Jumbe anali atayamba kale kuuza anthu: "Ndi mnyamata uyu. Fosholo yake ndi imene yagwetsa." Mawuwo anafika kumudzi ine ndisanafike. Kuchipatala akazi awo a malume sanandiyankhe moni, ndipo mpaka lero amandiyang'ana ngati ndinachitira dala. Ndikaganiza, mtima umandiwirabe. Tonse tinaliboola gombe lija kwa masabata, mvula inalilemetsa, dzuwa linaling'amba, wolamula analamula atachenjezedwa. Koma mlandu wonse unagwera fosholo yanga poti inali yomaliza, ndipo a Jumbe m'mawa mwake anadzazitsa lole ina.

Lero ndimaphunzitsa fizikisi kusekondale. Ndimathira mchenga pang'onopang'ono patebulo mpaka mulu utagumuka, n'kufunsa ophunzira kuti kamchenga kolakwa ndi kati. Onse amaloza komaliza. Ndimawauza kuti mulu ukafika potsetsereka chotero, kalikonse kangaugwetse, choncho azifunsa amene anauunjika ndi amene anatuma anthu kunsi kwake. Malume amayendera ndodo tsopano. Pabanja pathu ponse, ndi okhawo amene sanandilozepo chala.