Kansalu Kofiira ka Tecla

Ku Rugare, komboni ya anthu ogwira ntchito panjanji mumzinda umene nthawi imeneyo unkatchedwa Salisbury, panalibe amene anawaonapo mayi Lidiya Mbewe atakhala pansi. Tiyi ankamwa chiimirire. Kutchalitchi ankasankha benchi ya kukhomo, ndipo ngakhale pamenepo ankangogunditsa thako, khosi lili kubwalo. Amayi anzawo a Chishona ankawaseka kuti kapena kwawo ku Ntcheu mipando imaluma. Iwo ankaseka nawo, koma maso ali kwina.

Anabwera mu 1962 pa sitima yodzera ku Beira, kutsatira amuna awo, bambo Yoramu, amene ntchito yawo inali yolumikiza ndi kumasula mabogi a sitima. Ankakhala m'kanyumba ka kampani ka zipinda ziwiri. M'mamawa mayi Lidiya ankakazinga mandasi n'kukagulitsa pasiteji, kwa anthu okwera mabasi a kumafakitale ku Msasa. Ana awo awiri oyamba anamwalira ali makanda. Wachitatu, Tecla, ndiye anakula, ndipo ndi iyeyo amene anawalanda mpando mayi ake.

Tecla anali mwana wokongola, koma sankayang'ana munthu m'maso. Kumuitana dzina kunali kungodzitopetsa. Anafika zaka zisanu asanatulutse liwu lomveka. Masiku ano madokotala amati otizimu. Nthawi imeneyo apakomboni ankangoti ngozerezeka, ena n'kumanong'ona kuti bambo ake anamukhwimira. Kukhwima kwanji komusiya munthu m'zipinda ziwiri ndi njinga yopanda mabuleki? Kusukulu ya pakomboni anakhalako masiku awiri, lachitatu aphunzitsi anamubweza.

Padziko lonse Tecla ankakonda zinthu ziwiri. Choyamba chinali kansalu kofiira, chidutswa cha mbendera yakale ya kuntchito kwa bambo ake, kamene ankakasisita pamlomo tsiku lonse. Kakasowa, ankakuwa mpaka mawu kusasa, kudziluma mkono ndi kumenyetsa mutu pakhoma. Chachiwiri chinali sitima. Ikangolira, iye anali atatuluka kale, ndipo njanji sinali patali. Katatu konse anamupeza atagona pakati pa njanji, khutu ataligunditsa pachitsulo. Kachitatuko, mu 1976, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, bambo wina wochokera kuntchito anamukoka mwendo sitima ya malasha itaonekera kale pakona.

Kuyambira tsikulo mayi Lidiya anadziwa kuti njanji idzamutenga mwanayu. Chitseko ankachimanga ndi chingwe, Tecla anaphunzira kumasula. Kumubereka kumsana, anali atakula. Anaganiza zomutumiza ku Ntcheu kwa amayi awo, koma chaka chomwecho malire a Mozambique anatsekedwa chifukwa cha nkhondo, sitima ya ku Beira n'kuima. Anasowa mtengo wogwira. Mandasi ankapserera pamoto iwo ali kuseri kwa nyumba kufunafuna mwana.

Amene anawatsegula m'maso anali Paulina, mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankachapa zovala kumayadi a azungu. Anati mwana wa abwana ake analinso wotero, koma basi inkamutenga pageti m'mawa uliwonse kupita naye kusukulu ya ana otero, zonse boma likulipira. Za ana akuda, iye ankangodziwa malo amodzi: kwa masisitere ena kupitirira Msasa, kumene kunali mpanda wautali ndipo njanji kunalibe. Boma linkathandizako mabedi ochepa chabe, ndipo mwana sankalowa popanda kalata ya ofesi yoona zosamalira anthu.

Mayi Lidiya anaiyendera ofesi imeneyo miyezi isanu ndi iwiri, mpaka mlonda wapageti anayamba kuwapatsa moni wa pachibale. Yankho linali lomwelomwelo: bwerani mwezi wamawa, chuma cha boma chikupita kunkhondo. Iwo ankathokoza, n'kuthamangira basi mtima uli m'malere, poti Tecla anamusiya ndi Paulina amene miyendo yake inali yolemera. Kenako tsiku lina anawauza kuti Lachinayi kubwera munthu kunyumba kudzamuona mwanayo.

Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo analakwitsa mwaulemu, monga timalakwitsira ife. Kwathu mlendo samuonetsa zochititsa manyazi za m'nyumba. Mayi Lidiya anakolopa mpaka simenti kuwala. Chingwe cha pachitseko anachibisa pansi pa bedi. Pakhoma pamene Tecla ankamenyetsapo mutu anapachikapo kalendala. Mwanayo anamuveka deresi ya manja aatali kubisa mano a pamkono, ndi duku lotsikira pachipumi kubisa chipsera. Bambo Yoramu anapempha tchuthi n'kuvala jekete yawo ya paukwati.

Panalinso chinthu chimodzi chimene mayi Lidiya ankanyadira. Kwa zaka zinayi, tsiku ndi tsiku, anamuphunzitsa Tecla kugwada, kuomba m'manja ndi kunena kuti, "Ndili bwino, kaya inu?" Awa ndiwo anali mawu okhawo amene ankawanena bwinobwino, ndipo ankawanena kwa alendo okha.

Lachinayi kunabwera mzungu wamkazi wa magalasi ndi womasulira wake, Severino, mnyamata wamkulu wa ku Tete amene Chinyanja chinali chake. Tecla, kansalu kali m'chibakera, anagwada, anaomba m'manja, n'kunena mawu ake aja mosaphonya. Mtima wa mayi Lidiya unadzaza chimwemwe.

"Adona akufunsa ngati mwanayu amakuvutitsani," anatero Severino.

"Ayi, bambo, ndi mwana wabwino," anayankha mayi Lidiya atagwada, manja ali pamaondo.

"Amadya? Amagona?"

"Bwinobwino ndithu."

Mzunguyo analemba mizere ingapo, anamwa tiyi theka, n'kunyamuka. Patapita milungu iwiri kunabwera kalata yonena kuti mwanayo ndi wamanyazi chabe, apite kusukulu wamba. Sukulu yomwe ija inamubweza tsiku lachitatu!

Paulina atamva anagwira m'chiuno. "Nhai amai Tecla, mwapenga here? Munthu wabwera kudzaona bala, inu mwalikulunga nsalu n'kumuphikira tiyi! Ulemu wanu anthu a ku Nyasaland udzakuphani, ndikunena ine."

Mayi Lidiya anazungulira nyumba kawiri ngati ataya singano, kenako anapsa mtima ndi kalendala ija n'kuing'amba. Bambo Yoramu, munthu wa mawu ochepa, anangoti, "Amake Tecla, musadzitukwane nokha. Inenso ndinavala jekete."

Sabata yomweyo Tecla anamasulanso chingwe, ndipo anamugwira ali pampanda wa njanji. Mayi Lidiya analeka kudya. Ankaopa, ndipo mantha awo anali osakanikira ndi manyazi, poti mwayi anali ataugwira m'manja n'kuutaya okha.

Lachisanu lina Severino anatsika basi pasiteji n'kugula mandasi awiri kwa mayi Lidiya. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Mayi, bedi latsala limodzi, ndipo likadzaza ndiye mpaka nkhondo idzathe. Adona aja sakhulupirira za pakamwa, amalemba zimene aona ndi maso. Mubwere naye Lolemba kuofesi, adzaone."

"Adzaone chiyani, bambo?"

"Inu mukudziwa, mayi. Ine ndinaona kalendala ija, inali ya chaka chatha."

Lolemba mayi Lidiya anamuveka Tecla deresi yakale ya manja aafupi, mutu wopanda duku. M'basi anthu ankayang'ana mano a pamkono n'kuyang'ana mayi ake, iwo n'kungoti zyoli. Kuofesi anadikira pakhonde limodzi ndi anthu ena ambiri, nkhalamba, akhungu, amayi othawa nkhondo kumidzi. Tecla anali phee, akusisita kansalu kake pamlomo. Akanalowa choncho, akanagwadanso n'kunena kuti ali bwino.

Severino atatsegula chitseko n'kuitana dzina, mayi Lidiya anawerama. Pa zaka zonse zija anali asanakakhudzepo kansaluko popanda kupempha. Ngakhale pochapa ankadikira Tecla agone. Anam'gwira dzanja, anafunyulula zala chimodzichimodzi, n'kukatsomphola kansaluko, n'kukabisa pachifuwa.

Tecla anawayang'ana m'maso. Aka kanali koyamba.

Kenako kukuwa kuja kunayamba. Tecla anadzigwetsa pakhomo pa ofesi, anadziluma mpaka magazi, n'kuyamba kumenyetsa chipumi pasimenti. Anthu a pakhonde anabalalika. Mayi wina anakuwa m'Chishona kuti mwini mwanayu ali kuti. Mwini mwana anali pomwepo. Mayi Lidiya, amene Rugare yonse sinawaonepo atakhala, anakhala pabenchi, manja atawapanikiza pansi pa ntchafu kuti asamutole, misozi ikungotsika. Mzungu uja anaima pakhomo, nkhope itafiira, cholembera chikuthamanga papepala.

"Basi, mayi, basi! Alemba!" anakuwa Severino.

Mayi Lidiya anadzigwetsa pansi n'kumupatsa Tecla kansalu kake. Panapita nthawi kuti mwanayo atonthole.

Bedi lija analandira Tecla. Paulina analulutira, bambo Yoramu anapita kukathokoza kutchalitchi, ndipo apakomboni anati mayi Lidiya ndi mzimayi wolimba mtima. Iwo sankafuna kumva zimenezo. M'masabata atatu odikira tsiku lopita, anaona chinthu chimene ena sanachione: akangoyandikira, Tecla ankabisa dzanja kumbuyo. Bambo ake akabwera, kansalu kankakhala pamlomo. Paulina akabwera, chimodzimodzi. Ankabisira mayi ake okha.

Tsiku lomuperekeza, mayi Lidiya anaona okha kuti mpanda unalidi wautali ndipo sitima sinkamveka. Sisitere wina wachikulire anawalandira, anawaonetsa bedi, n'kuwauza kuti azibwera Lamlungu loyamba la mwezi. Mayi Lidiya anaika kasutikesi pansi, anakonzakonza bulangeti limene linali lokonzedwa kale, kenako anawerama kuti atsanzike.

"Tecla, mwanawe, ine ndapita. Ndidzabwera, wamva?"

Tecla anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anagwada bwinobwino monga anamuphunzitsira. Kuomba m'manja sanaombe, poti dzanja limodzi linali kumbuyo. Anayang'ana pansi, n'kuwauza mayi ake mawu aja amene ankasungira alendo.

"Ndili bwino, kaya inu?"