Makutu Anga Anatsala m'Sitima Yomira

Ndinachoka ku Domasi chifukwa cha denga. Ena amatchula zifukwa zikuluzikulu, ine changa chinali chimenecho basi. Ndinakwatira kwa Malemia, pachikamwini, ndipo nyumba imene ndinamangira mkazi wanga, Abiti Yasini, inkadontha ngati dengu. Mvula ya 1968 inatipeza ndi khanda, dzina lake Asiyatu. Tsiku lina m'mawa ndinaona mkazi wanga atakhala pakona, atavindikira mwanayo ndi lichero kuti madontho asamugwere kumaso. Akanandilalatira, mwina ndikanangotenga chikwakwa kukamweta udzu. Koma anangopitiriza kumuvindikira mwanayo, ndipo zimenezo zinandilasa mtima. Ndinati basi, ndikasake malata.

Olemba anthu a ku Joni anandikana, akuti chifuwa n'chaching'ono. Ndiye ndinalowa ntchito ya njanji imene inkadutsa pa Liwonde kulowera kumalire a Mozambiki. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pamsewu, mwana ali kumbuyo.

"Malatawo akapezeka muzibwerako," anatero. "Musakakhale mtchona."

"Chaka chimodzi basi," ndinamuyankha.

Ntchito ya njanji inatha ndalama zisanakwane, chifukwa m'mimba namo munkafuna zake. Kubwerera chimanjamanja kunandichititsa manyazi, choncho ndinatsatira njanji yomweyo mpaka kumene inathera, ku Nacala, kunyanja ya mchere.

Kumeneko ndinakumana ndi Che Bwanali, bambo wachikulire wa ku Malosa. Ndinawadziwa ndi kayankhulidwe kawo kuti ndi akwathu ndisanawaone n'komwe nkhope. Ankagula fodya pamsika akufuula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndinaganiza kuti ndi mmene anabadwira.

"Umatha kusambira iwe?" anandifunsa.

"Ndinakulira mumtsinje wa Domasi."

"Wati chiyani?"

"Domasi!"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Umenewo ndi mtsinje? Mkodzo wa mbuzi umenewo! Bwera mawa udzaone madzi."

Abwana awo anali Mpwitikizi wina amene tonse tinkangomuti Patalawo. Anali ndi boti la injini, ndipo ntchito yake inali yozula mkuwa m'sitima yapamadzi imene inamira kalekale kunja kwa doko. Poyamba ndinkangokoka zingwe pamwamba. Kenako munthu mmodzi atathawa ntchito, anandiveka zida zake: botolo la mpweya kumsana, kapaipi koluma m'kamwa, galasi lophimba maso ndi mphuno, lamba wolemera m'chiuno, ndi nsapato zamphira zotambalala ngati mapazi a bakha. Che Bwanali anandiphunzitsa zinthu ziwiri zokha. Potsika uzitsina mphuno n'kuuzira mpweya kumakutu. Pokwera usapitirire thovu lotuluka m'kamwa mwako.

Lero ndakalamba, zambiri ndaiwala, koma tsiku loyamba lija silichoka. Ndinatsika ndi chingwe. Madzi anali oyera moti ndinkaona zikhadabo zanga. Kenako pansi panayamba kuoneka chinthu chakuda, chogona chammbali, chachitali kuposa mzere wonse wa magolosale a pa Songani. Chitsulo chake sichinkaonekanso. Ponseponse panali patamera zinthu zonga maluwa, zofiira ndi zachikasu, koma ukazigwira zolimba ngati mwala. Nsomba zinkalowa ndi kutuluka m'mawindo, zamawangamawanga ngati zitenje za pa chikondwerero cha Idi. Kukhitchini makapu anali akadali pa ngowe zake. M'chimbudzi cha akuluakulu a sitimayo munkakhala mkunga wonenepa ngati ntchafu yanga, ndipo tsiku lililonse unkasuzumira kuti uone amene wabwera osagogoda.

Ndinene zoona, malo aja ndinawakonda. Kumtunda ndinali mlendo. Ndinkagona m'kachipinda ka makatoni kuseri kwa doko, chilankhulo cha eni dziko ndinkangochitola pang'onopang'ono, ndipo Lachisanu ndikatuluka mumzikiti aliyense ankapita kwawo, ine n'kutsala ndi nsapato zanga. Koma pansi pa madzi panalibe mlendo. Mzungu ndi ine tonse tinkayankhula ndi zala.

Makalata sankafika bwino chifukwa cha nkhondo imene inali m'dziko la Mozambiki. Amene ankatithandiza anali bambo wina wa ku Ntaja, wogwira ntchito m'sitima yapamtunda. Ndinkamupatsa ndalama, iye n'kukasiyira mlamu wanga pa Liwonde, ndipo pobwera ankatenga mauthenga apakamwa. Uthenga wina unati mwana wayenda. Wina unati malata agulidwa, kwatsala misomali. Koma umene unandisokoneza mutu unabwera m'chaka chachitatu.

"Akuti mwana wanu uja ndi wailesi," anatero bamboyo. "Pakamwa sipatsekeka. Dzana anafunsa agogo ake chifukwa chimene nkhuku ilibe mabere."

Ndinaseka, kenako ndinapita kuseri kwa mabogi kukapukuta maso. Ndinamusiya mwanayo akudziwa kulira kokha. Kuyambira tsiku limenelo ndinkatsika naye m'madzi. Ndikamamasula mabawuti m'chipinda cha injini ndinkayesa kupanga mawu ake m'mutu mwanga. Kodi ndi aang'ono ngati a mayi ake? Kodi amathamangitsa lilime ngati anthu a kwathu? Sindinkafunanso china padziko koma kumumva akundifunsa funso lopusa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Patalawo sankadziwa kuti munthu amadwala chimfine. Mphuno zikatsekeka mpweya sufika kumakutu, koma iye ankangoloza madzi. Komanso pofuna kung'amba mimba ya sitimayo ankaphulitsa mabomba, ndipo nthawi zina ankaphulitsa ife tisanatulukiretu m'madzi. Tsiku lina ndikutsika ndi chimfine ndinamva ngati wina wandibaya ndi msomali kukhutu lakumanja. Madzi amchere anandifika kukhosi kudzera njira imene sindinkaidziwa. Nditakwera, magazi anali chuchuchu mpaka paphewa. Khutu limenelo silinadzukenso. Lakumanzere linayamba kulira ngati nyenje ya mu Okutobala, usana ndi usiku.

Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chimene Che Bwanali ankafuulira.

"Pita kwanu iwe!" anandikalipira tili pa boti. "Ine ndinapita ku Malosa, ana anga ndinkangowaona milomo ikugwedera. Ndinabwerera kuno. Khutu lako limodzi lilipo, lisunge, ukamvere mwana wako!"

Ndinapita kwa Patalawo kukapempha chitupa changa, poti ankasunga ndi iye. Anati ndidzatenge chopalasira chachikulu cha mkuwa cha kumbuyo kwa sitimayo chikadzatuluka. Popanda chitupa, m'dziko la nkhondo, sukanayenda ngakhale mtunda umodzi. Chopalasiracho chinatidyera zaka. Ndinkayeza khutu langa ngati mmene mayi amayezera ufa m'nyengo ya njala. Choyamba kutha chinali kulira kwa mbalame za padoko. Kenako mafunde anakhala chete. Kenako ndinayamba kudziwa nthawi ya swala poona anthu akuyenda, chifukwa kuitana kwa kumzikiti sikunkandifikanso. Kutsika kulikonse ndinkapempha Mulungu kuti andisiyireko pang'ono pokha, pokwanira mawu a mwana mmodzi.

Chopalasira chija sichinatuluke. Kumapeto kwa 1974 Apwitikizi anayamba kumanga katundu kubwerera kwawo, ndipo m'mawa wina tinapeza boti lili lokha, Patalawo atathawa, zitupa zathu zili m'chitini cha mabisiketi. Che Bwanali anakana kubwera nane. Anandiperekeza kusiteshoni, nandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafuule.

Ndinatsika basi pa Domasi mvula itangokata, phiri la Zomba litavala nkhungu. Nyumba yanga ndinaiona ndili patali, malata ali mbuu. Mkazi wanga anataya mtolo wa nkhuni n'kukhala pansi pomwepo. Anthu anasonkhana, anandiyalira mphasa, ndipo mavuto anayambira pa moni.

Ndinali nditaiwala kuti kwathu ulemu umayankhula motsitsa. Kudoko aliyense ankakuwa, choncho ugonthi wanga sunkaonekera kwambiri. Kuno apongozi anga aakazi anakhala patali, pafupi ndi nkhokwe, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, n'kuyamba kundilonjera. Ine ndinangoona anthu onse akundiyang'ana, kudikira yankho. Sindinayankhe. Madzulo ake mbiri inali itafika kale kuchitsime kuti mkamwini wabwera ndi matama a Chipwitikizi.

Kenako anamuitana Asiyatu. Anatuluka kamtsikana kowonda, ka zaka zisanu ndi ziwiri, kovala mpango wa mayi ake. Mphumi inali yanga yeniyeni. Anagwada kumapeto kwa khonde, manja pamodzi, maso pansi. Milomo yake inagwedera. Ndinatembenuza khutu lakumanzere, ndinagwira mpweya. Palibe chimene chinafika.

"Sendera kuno, mama," ndinatero. "Kweza mawu."

Anayang'ana agogo ake, anasendera pang'ono ndi mawondo, n'kuweramitsa mutu kuposa poyamba.

Mkazi wanga sanavutike. M'nyumba ankabwera pafupi n'kuyankhulira m'khutu momwemo, ndipo ndinkamumva ngati ali m'mbiya. Ndinamupempha kuti amuuze mwanayo azindiyankhula mokweza.

"Ndamuuza kangapo," anatero. "Akuti akuopa. Zaka zonsezi amayi anga akhala akumuphunzitsa kuti ababa ako akadzabwera usadzawakwezere mawu, adzati tinakulera ngati mbuzi. Ndiye lero tisinthe timuuze kuti uziwakuwira? Mwanayu tinakulererani bwino, bambo a Asiyatu."

Anamulera bwino ndithu, ndipo kulera bwinoko n'kumene kunandimana mwana. Ndinkamuona ali ndi anzake pansi pa mtengo wa mango, manja akuuluka, pakamwa pakuthamanga, anzake akugwa ndi phwete. Ndikangoyandikira, zonse zii, iye pansi gwade. Ndinamugulira masiwiti, analandira ndi manja awiri, milomo inagwedera. Ndinayesa kumutuma zinthu zolakwika kuti mwina anditsutse, koma ankangopita n'kukatenga. Tsiku lina ndinapsa mtima ndi kumukalipira kuti ayankhule ngati munthu. Analira, ndipo ngakhale kulirako sindinakumve. Nyenje ija inkakulirakulira m'khutu, ndipo ndinkadziwa kuti nthawi yanga ikutha.

Ndinayamba kulakalaka sitima yomira ija. Ndikakhala pakhonde ndinkaona makapu aja ali pa ngowe zake, ndi kuwala kukutsika m'madzi. Kumeneko tonse tinali agonthi, ndipo palibe amene ankandimvera chisoni. Ndinawamvetsa Che Bwanali. Ndinayamba kufunsa anthu masiku amene sitima ya ku Nacala imadutsa pa Liwonde, ndipo mkazi wanga anamva.

Sanandiletse. Mpunga utayamba kucha kudambo, m'mawa wina anabwera kukhutu langa.

"Mupite kumunda wa mpunga. Koma musadzere kunjira. Mudzere kubango, ndipo asakuoneni."

"Asandione ndani?"

"Ingopitani, inu."

Ndinapita monyinyirika, matope mpaka m'mawondo. Nditayandikira munda wathu ndinasuzumira pakati pa bango. Pakati pa mpunga panali nsanja ya mitengo, ndipo pamwamba pake panaimirira Asiyatu, mpango atamanga m'chiuno, m'manja muli chingwe cha zitini. Anamutuma kudikira mbalame. Chigulu cha mpheta chinatsika kumapeto kwa munda. Ndinamuona akukoka mpweya mpaka nthiti kuonekera.

"Haaa! Chokani apo, akuba inu! Munalima ndinu? Amanu anadzala nawo? Opanda manyazi! Ababa anga abwera, mwamva? Amalowa pansi pa nyanja ababa angawo! Akuthyolani makosi nonsenu!"

Ndinamva. Liwu lililonse linafika, linadutsa nyenje ija n'kulowa mpaka m'kati. Sanali mawu aang'ono ngati a mayi ake. Anali aakulu, okhakhala, osayenera kamunthu kowonda chonchija, ndipo pamapeto pa chiganizo ankakwera ngati akufunsa. Zaka zonse zija m'chipinda cha injini ndinapanga mawu ambirimbiri, koma awa sindinawaganizepo. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira ngati mwana.

Za sitima ya ku Nacala sindinafunsenso. M'mawa uliwonse ndinkanyamula khasu ngati munthu wa ntchito, n'kukabisala m'bango. Ndinamva akutukwana mpheta, akuimba nyimbo za ku madarasa molakwitsa, akukangana ndi mtsikana wa munda woyandikana nawo za mwini wake wa chitini. Masiku amene mbalame zachepa ndinkatenga madeya m'thumba n'kumwaza kumapeto kwa munda kuti zibwere. Chaka chimenecho tinakolola mpunga wochepa kuposa aliyense m'dambo lonse. Apongozi anati mkamwini wawo ndi waulesi. Mkazi wanga anayeza mpungawo, anandiyang'ana, n'kupitiriza kupeta.

Khutu lakumanzere linatsekeka mvula yotsatira isanathe. Asiyatu lero ndi mayi wa ana ake, ndipo akabwera kudzandiona amagwadabe patali, maso pansi, milomo n'kumagwedera. Anthu amandiuza ndi manja kuti ndinabereka mwana wofatsa, wa mawu apansi. Ine ndimangoseka. Mawu ake amene ndikuwadziwa ndi aja otukwana mpheta, ndipo akamandipatsa moni, m'mutu mwanga ndimamva omwewo.