Amene Ankaveka Eyakoni ya Amayi Matumba

Eyakoni ija, makina oziziritsa m'nyumba, inafika kwathu ku Mtunthama pa thiraki yochokera ku Joni, itakulungidwa m'mabulangete. Anatumiza ndi achimwene anga, atamva kuti amayi akumabanika nyengo yotentha. Amayi anali ndi matenda a mtima, ndipo Okutobala akafika, malata akayamba kuthetheka masana, ankapuma movutika ngati munthu wokwera chitunda atasenza mtolo. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti kutentha kukhoza kuwatenga. Ine ndinkagwira ntchito yochapa pasukulu ina yogonera pompo, ndipo tinkakhala awiriwiri m'nyumba imene malemu bambo anakokeramo magetsi chaka china fodya atayenda bwino.

Mmisiri wochokera ku boma ndi amene anadzaiika. Mbali imodzi anaikhomera kuchipinda kwa amayi. Inayo, chibokosi chokhala ndi fani, anachiika kuseri kwa nyumba, moyang'anana ndi kanjira kopita kumjigo. Masiku oyambirira amayi anagona tulo ta masana timene anali atatiiwala. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenako chinthucho chinayamba matama. Chikalira pang'ono, zii, chazima. Usanapukute n'thukuta lomwe, chayambanso ndi chiphokoso chogwedeza khoma. Chipinda sichinkazizira n'komwe. Ndikaweruka ndinkapeza amayi ali chikhalire pabedi, bulauzi itanyowa, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto.

Ine mwachibadwa sindikhulupirira munthu msanga, ndipo pamenepo sindipepesa. Oyamba kuwaganizira anali achimwene omwewo. Ndinawaimbira foni.

"Achimwene, chimene mwatitumizirachi n'chatsopano, kapena mwachita kutola kudzala la abwana anu?"

Anakwiya, nanditumizira chithunzi cha katoni yake. Ndinati katoni aliyense akhoza kutola.

Ndinatembenukira kwa bambo wina wowotcherera zitsulo pamsika, amene akayatsa makina ake mababu a nyumba zonse amatsinzina. Ndinamuda sabata yathunthu. Koma Lamlungu, iye ali kutchalitchi, eyakoni inkachitabe zomwezo. Ndinasintha mabatire a rimoti. Ndinatsegula kutsogolo kwake, n'kuchotsa kasefa kamene kanali katafiira ndi fumbi la kwathu kuno, n'kukatsuka ndi burashi. Palibe chinasintha. Apo ndinatsimikiza kuti mmisiri uja anatibera gasi wa mkatimo, chifukwa ndinali nditamva kuti ena amatero kuti uziwaitana kawirikawiri.

Ndinamuitanadi, n'kumuimirira pamsana manja ali m'chiuno. Anamvetsera chinthucho chikulira n'kuzima, kenako anazungulira kuseri. Ine kuseriko sindinkapitako, kunali kosungirako mitengo ya chigafa chakale cha fodya basi. Tinapeza chibokosi chija chitavekedwa matumba a fetereza otha ntchito, osokedwa pamodzi bwinobwino ngati diresi, popanda ndi kampata komwe.

"Mayi, makinawa amapumira kunja kuno," anatero mmisiriyo. "Akabanika amatentha, ndiye amadzizimitsa okha kuti asapse. Mukapitiriza kuwafunditsa chonchi, injini ifa."

"Ndani wakuuzani kuti ndawafunditsa ndine?"

Anangoseka n'kudula ulusi. Ndinatola matumbawo n'kuwayang'anitsitsa. Msoko wake unali wautaliutali, wa singano yaikulu ija timasokera masamba a fodya. Koma zimenezo zikanandithandiza chiyani? Ku Kasungu kuno ndani sadziwa kusoka fodya?

Maganizo anga anagwera pa mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Ndinali nditamuona kangapo akuchepetsa liwiro pakanjira paja, ndowa ili pamutu, khosi litapindikira kwathu. Ndinati ndi nsanje, akufuna chipse. Ndinasiya kumupatsa moni. Ndinauza amayi, iwo anangoti, "Usamanamizire anthu, mwana iwe," n'kutembenukira kukhoma.

Sipanapite nthawi, kuzimazima kuja kunayambiranso. Nditazungulira ndinapeza matumba ena, msoko womwewo. Ndinapsa mtima. Ndinawang'amba n'kuwatentha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina ndinapempha tchuthi, koma ndinavala yunifolomu n'kutsanzika monga mwa masiku onse. Ndinazungulira kumunda wa chinangwa n'kudzalowa m'bafa la udzu, pomwe ndinkaona kuseri konse. Mawu oti ndimulalatire mayi uja ndinali nditawakonza kale.

Dzuwa litakwera, chitseko chathu chinatseguka. Anatuluka amayi, dzanja lina ndodo, lina matumba, singano ya fodya atabaya pampango. Ankayenda pang'ono n'kuima, kutsamira khoma, kupuma. Atafika anagwada movutikira n'kuyamba kusoka.

"Amayi!"

Sanadzidzimuke n'komwe. Anangondiyang'ana n'kupitiriza.

"Mukuchita chiyani? Mukufuna kufa?"

"Akulemba maina a makuponi a fetereza mwezi uno," anatero. "Akulemba amasiye ndi osowa. Azimayi onse a m'mudzi muno amadutsa pano popita kumjigo. Akaona kuti nyumba ino imagula mphepo, ukuganiza kuti dzina langa lituluka?"

"Achimwene anati atumiza ya fetereza."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za ku Jonizo n'za pachala. Ndipo mphepoyi ndikathira m'munda?"

Ndinakwiya, ndinamva chisoni, komanso ndinachita mantha poona mmene chifuwa chawo chinkakwerera ndi kutsika. Munda umenewo anaulima ndi bambo kuyambira ali mtsikana. Sankathanso kugwira khasu, koma ankafuna kudziwa kuti chimanga cha m'nkhokwe n'cha m'munda mwawo, cha fetereza wa dzina lawo.

Tinagwirizana pakati. Ndinamanga kampanda ka udzu motalikirana ndi chibokosicho, kuti maso asaone koma mphepo izidutsa. Eyakoni inayamba kugwira bwino, ikumalira nthawi yaitali isanapume, ndipo amayi anayambanso kugona masana.

Koma tinali titachedwa. Tsiku loitana maina ndinawaperekeza kubwalo la sukulu ya pulayimale. Anavala chitenje chawo chakale kwambiri, ndipo anakhala pakati pa amasiye anzawo. Maina anaitanidwa mpaka kutha, lawo osamveka. Ndinapita kukafunsa. Bambo wina wa m'komiti anandiyankha akuyang'ana kumbali.

"Anthu akuti kwanu kuli chimakina. Akuti chinkangoti kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima, mpaka ana kumaima panjira kumvetsera. Pamenepa ife tikanatani?"

Chikanakhala chosafunditsidwa chikanamalira chamunsimunsi, mwina osachitchera khutu aliyense. Zimenezo sindinawauze amayi.

Titalowa m'nyumba anatenga rimoti n'kundipatsa.

"Zimitsa. Chandidyera chimanga."

Fetereza ndinagula ndekha chaka chimenecho, achimwene anathandizapo, ndipo chimanga chinabereka. Koma eyakoni sanalolenso kuti iyake. Ndikaiyatsa mwakabisira ankatuluka n'kukakhala pakhonde, padzuwa la Novembala, mpaka ndizimitse. Ndinachonderera, ndinalalata, ndinaitana ngakhale akulu a mpingo. Iwo ankangoti chaka chamawa akadzalembanso maina, anthu adzakhala ataiwala.

Chaka chamawacho amayi sanachione. Chibokosi chija chikadali kuseri, mavu anamangamo. Mayi woyandikana naye uja anandithandiza kwambiri pamaliro, ndipo tinayambanso kupatsana moni. Koma mpaka lero, akamadutsa pakanjira paja ndi ndowa yake, ndimamuyang'ana khosi, kuona ngati lapindikiranso kwathu.