Kuperekeza apongozi ku Lusaka

Tinanyamuka ku Kasanda, komboni yathu ya ku Kabwe, kukungocha, apongozi anga aamuna atakwezedwa pa njinga ya neba, ine ndikutsatira wapansi. Zinali m'zaka za chipani chimodzi. Mwamuna wanga anali ku Ndola pa ntchito yake ya sitima, ndiye ulendo unagwera ine amake Tisa, mkamwana, amene mwa mwambo wa kwawo ku Malawi sindinkayenera ngakhale kuwayang'ana m'maso. Komatu wochapa zovala zawo ndinali ine. Kwa masabata awiri ndinkaona magazi ambiri, iwo ali phee. Kukiliniki ya ku Kabwe anangotchula chizungulire, n'kupatsidwa kalata ya ku Lusaka.

Basi inali makwacha awiri munthu mmodzi, ndipo inanyamuka 8 koloko. "Ba mayo, nkalani na bamuna banu apa!" anakuwa kondakitala.

"Ni apongozi banga!" ndinatero. Basi yonse inafa ndi phwete, mayi wina wa kukomboni ya Chowa n'kundipatsa malo pafupi naye kumbuyo.

"Ba Kasanda bonse ni mtovu wa mu mugodi, osavutika," anandiuza motsimikiza za matenda a apongozi. Madokotala a m'basi sachedwa kupeza matenda.

Pa Landless Corner ndinagula zitumbuwa, koma apongozi anakana. Analowera kutchire, n'kubwerako akudzikoka, milomo itayera. Apo ndinachita mantha. Pa Chisamba asilikali anatitsitsa tonse kuti aone zitupa, koma atawayang'ana nkhope anawasiya pampando.

Kuchipatala chachikulu tinaonana ndi dokotala cha m'ma 2 koloko. "Vuto ni chani, ba tata?"

Apongozi anaponya diso kumene ndinali. "Chizungulire chabe."

Dokotala anayamba kulemba mapiritsi. Ine kuchoka ku Kabwe konse kudzatenga mapiritsi a chizungulire? Ndinagwada, n'kuyang'ana kuchitseko.

"A dokotala, bambowa akapita kuchimbudzi akutaya magazi. Ambiri. Sakumva kupweteka, koma ndi sabata yachiwiri."

Cholembera chinaima. Tsiku lomwelo anawagoneka n'kuwaonjezera magazi. Atawajambula m'mimba, dokotala anandifotokozera kuti m'khoma la thumbo lalikulu, mbali ya kumanja, munatuluka timatumba ting'onoting'ono, ndipo mtsempha wa m'kathumba kamodzi ndi umene unkatulutsa magaziwo. Sunali mtovu ayi. Magazi atayambiranso, anawachita opaleshoni n'kudulako chigawo chimenecho.

Masiku onsewo sanandilankhule, ndipo ndinadziwa kuti ndawachititsa manyazi. Sindinadandaule. Ulemu wokhala chete munthu akutha magazi ndinausiya pakhomo la dokotala, ndipo lero lomwe ndikhoza kuteronso.

Tsiku lotuluka, mwamuna wanga atafika, anayamba kundikalipira pakhonde kuti ndinalankhula zosayenera. Apongozi anamudula pakamwa, maso ali pansi.

"Iwe, khala chete. Amake Tisa akanasunga mwambo, bwenzi wabwera kudzatenga mtembo."